Hugh Tracey: mlimi wa fodya amene adamvera Kasungu ndi maikolofoni ya m'manja

Mumzinda wa Makhanda m'dziko la South Africa, umene kale unkatchedwa Grahamstown, muli nyumba yosungiramo nyimbo momwe mawu a anthu a ku Kasungu a zaka za m'ma 1950 akumvekabe mpaka lero. Amayi akuimba molandizana, m'manja mukuwombedwa, ng'oma ikugunda. Ambiri mwa oimbawo adatsikira kulichete kalekale, ndipo midzi yawo tsopano idazingidwa ndi minda ya fodya ndi zigafa. Munthu womvetsera modekha nyimbo za m'nyumba imeneyi amazindikira kanthu kachilendo: mawu sakhala malo amodzi. Ng'oma imayandikira khutu kenaka nkubwerera m'mbuyo, liwu la wotsogolera nyimbo limatulukira pamwamba pa anzake, ndipo posakhalitsa malo ake amatengedwa ndi chisekese chomwe poyamba sichimamveka nkomwe. Chomwe chinkayenda chotere ndi maikolofoni, yomwe idali m'dzanja la munthu mmodzi.

Mwini dzanjalo adali Hugh Tracey, Mngelezi amene asanayambe kujambula nyimbo adali mlimi wa fodya. Sadali injiniya, ndipo za nyimbo sadaziphunzire kuyunivesite. Komabe gawo lalikulu la zomwe Amalawi a lero angamve za mmene agogo awo ankaimbira dziko lisanalandire ufulu lidadutsa m'dzanja lake, ndipo iye ndiye adasankha liwu loti limveke pafupi ndi loti limvekere patali.

Tracey adabadwa pa 29 Januwale 1903 m'mudzi wa Willand m'chigawo cha Devon ku England, ndipo bambo ake adali dokotala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ali mnyamata wosakwana zaka 20, adakwera sitima kupita ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, kukathandiza mkulu wake Leonard. Mkuluyu adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo boma la atsamunda lidamupatsa malo m'dera la Gutu, monga linkachitira ndi asilikali achizungu opuma, pomwe eni nthaka ankakankhidwira kwina. Aliyense amene adakulira ku Kasungu akudziwa kuti fodya salimidwa mwakachetechete. Kuwokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka masamba ndi ntchito za gulu, ndipo gulu limaimba. Tracey adaphunzira Chikaranga, chimodzi mwa zilankhulo za Chishona, kuchokera kwa antchito a pafamupo, ndipo nyimbo zawo adazilowetsa pamtima mpaka kumaimba nawo. Azungu anzake ankaona zimenezi ngati misala, pakuti kwa ambiri a iwo nyimbo za anthu akuda zidali phokoso chabe.

M'chaka cha 1929 adamva kuti akatswiri a kampani ya Columbia ya ku London afika ku Johannesburg ndi makina ojambulira. Adatenga anyamata 14 achikaranga nkuyenda nawo ulendo wautali kukawajambulitsa, ndipo zimbale zomwe zidatuluka zidali zoyamba za nyimbo za makolo za dziko limenelo kugulitsidwa pamsika. Patapita zaka ziwiri adakumana ku London ndi opeka nyimbo otchuka awiri, Ralph Vaughan Williams ndi Gustav Holst. Iwo adamulangiza kuti asataye nthawi ndi kulemba nyimbozo pamapepala kapena kuzisanthula, koma ajambule zochuluka momwe angathere, kusanthulako kudzabwera pambuyo. Langizoli adalitsata moyo wake wonse.

Ndi thandizo la ndalama la bungwe la Carnegie, adazungulira midzi ya Southern Rhodesia mu 1932 ndi 1933 ali ndi makina olemba mawu pa zimbale za aluminiyamu. Ntchitoyi sidalandiridwe bwino ndi amishoni ena, amene ankaletsa Akhristu awo ng'oma ndi mbira. Kenaka adalowa ntchito ya wailesi ku South Africa, ndipo kuyambira 1936 mpaka 1947 adali mkulu wa nyumba youlutsira mawu ya SABC ku Durban. Kumeneko ndiko adazolowera maikolofoni monga chida cha tsiku ndi tsiku. M'zaka zomwezo ankapita ku Mozambique kukamvera magulu a timbila a Achopi, ndipo buku lake lonena za iwo lidatuluka mu 1948. Atasiya wailesi, Eric Gallo, mwini kampani yaikulu ya zimbale ku Johannesburg, adamupatsa malo, galimoto ndi zipangizo. Mu 1954 adakhazikitsa International Library of African Music, mwachidule ILAM, ku Roodepoort, ndi ndalama za Nuffield Foundation komanso za makampani a migodi.

Kuti luso la Tracey limveke bwino, nkofunika kuyamba ndi chida chomwe ankagwira. Maikolofoni si khutu. Kumbuyo kwa khutu kuli ubongo, ndipo ndi chifukwa chake munthu ali pamsika wa fodya ku Chinkhoma amatha kutsatira mawu a mnzake mmodzi pakati pa chiphokoso cha anthu ndi malole. Maikolofoni ilibe nzeru imeneyo. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala kwambiri komwe kamanjenjemera mpweya ukagwedezeka, ndipo kunjenjemerako kumasandulika magetsi. Mbali yomwe maikolofoni imamvera, ndi mbali yomwe imaifulatira, zimadalira mmene kachikopako kakhalira ndi mpweya wa kutsogolo ndi kumbuyo kwake.

Kachikopa kakamatidwa pakamwa pa kachitini kotseka, mpweya wakunja umakafika kumaso kokha. Mawu ndi kupanikizika ndi kumasuka kwa mpweya, ndipo kupanikizika kumeneku kumafika pakachikopa posatengera komwe mawu achokera. Maikolofoni yotere imamva mbali zonse pafupifupi mofanana, ndipo akatswiri amaitcha omni. Koma kachikopa kakapachikidwa poyera, nkhope zonse ziwiri zili pamtetete ngati nsalu yoyanikidwa pachingwe, kamasuntha pokhapokha mbali ina ikakankhidwa kuposa inzake. Mawu ochokera kutsogolo amakasuntha, ochokera kumbuyo amakasunthanso koma mobwerera, pomwe ochokera m'mbali amakankha nkhope zonse ziwiri mofanana ndipo kachikopa sikagwedezeka. Dera lomwe maikolofoni yotere imamva likajambulidwa papepala limaoneka ngati nambala 8. Umu ndimo idalili RCA 44, maikolofoni ya kaliboni ka aluminiyamu yomwe idatchuka m'nyumba za wailesi kuyambira m'ma 1930: anthu awiri ankakhala moyang'anizana, iyo ili pakati.

Mitundu iwiriyi ikaphatikizidwa pamabadwa wachitatu. Kutsogolo zonse ziwiri zimagwirizana ndipo mawu amakula. M'mbali imamva imodzi yokha. Kumbuyo zimatsutsana, ina ikukankha ina ikukoka, ndipo zimafafanizana mpaka kukhala chete. Chithunzi chake chimafanana ndi mtima, nchifukwa chake dzina lake ndi cardioid, lochokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mtima. Iyi ndi maikolofoni yokhala ndi nkhope ndi nkhongo.

M'zaka zomwe Tracey adali pawailesi ndi pomwe ankayamba maulendo ake aatali, mainjiniya a ku America ndi ku Germany adali kalikiliki kufunafuna njira yoti maikolofoni imodzi izitha kusintha kamvedwe kake. Kampani ya Western Electric, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, idaika zida ziwiri m'chikombole chimodzi cha maikolofoni yotchedwa 639A, china chomva mbali zonse, china cha nambala 8, ndipo swichi inkasankha chimodzi mwa izo kapena zonse pamodzi. Kampani ya RCA idatsata njira ya kachitseko. Kumbuyo kwa kaliboni ka maikolofoni monga 77-DX kudali kabowo kokhala ndi chotsekera chomwe ankachipotoza ndi sikuludiraiva. Akatseka, mpweya wakunja sunkafika kumbuyo ndipo maikolofoni inkamva mbali zonse. Akatsegula kwathunthu inkakhala ya nambala 8. Akatsegula pang'ono inkasanduka ya mtima.

Njira yomwe idapambana, ndipo ikugwirabe ntchito m'masitudiyo a ku Lilongwe ndi Blantyre lero, idachokera ku Berlin. M'ma 1930 akatswiri awiri a wailesi ya ku Germany, Braunmühl ndi Weber, adakonza kamutu kokhala ndi tizikopa tiwiri, kena kutsogolo kena kumbuyo, ndi kachitsulo kobooledwa timabowo pakati pawo. Kachikopa kalikonse pakokha kamamva mwa mtima, ndipo tiwiriti tafulatirana. Swichi ikalumikiza kakutsogolo kokha, maikolofoni imakhala ya mtima. Ikalumikiza tonse tiwiri ndi mphamvu ya magetsi yolowera kumodzi, mitima iwiri yofulatiranayo imaphatikizana nkupanga bwalo lathunthu lomva mbali zonse. Mphamvu ya kakumbuyo ikatembenuzidwa, mawu a m'mbali amafafanizana ndipo pamatsala nambala 8. Palibe chomwe chimasuntha mkatimo kupatula njira ya magetsi. Kampani ya Georg Neumann idagwiritsa ntchito kamutu kotere mu U 47, yomwe idalowa pamsika mu 1949 ili ndi swichi yosankha pakati pa mtima ndi mbali zonse. Mu 1951 kudabwera M 49, yomwe injiniya ankaisintha ali patali popotoza kabatani pabokosi la magetsi, ndipo pochepetsa kapena kuwonjezera mphamvu ya kachikopa kakumbuyo ankapeza kamvedwe kalikonse ka pakati pa mitundu itatu ija.

Maiki wamba ya m'manja, yomwe abusa ndi oyendetsa mwambo wa ukwati amagwira, ilibe swichi yotere koma ndi ya mtima. Njira yake adaitulukira Benjamin Bauer wa kampani ya Shure, yomwe idatulutsa Unidyne mu 1939: kumbuyo kwa kamutu kuli timipata tolowetsa mawu mochedwetsa pang'ono, kotero kuti mawu ochokera kumbuyo amafika nkhope zonse ziwiri za kachikopa nthawi imodzi ndipo samveka. Woimba akafumbata mutu wonse wa maiki, monga amakondera achinyamata ena, amatseka timipatato. Maikiyo imayamba kumva mbali zonse, kuphatikizapo chimkuzamawu chomwe chili pafupi, ndipo chotsatira ndi kulira kwa nswii komwe kumatseketsa anthu makutu muholo. Woimbayo amakhala wasintha kamvedwe ka maiki ndi chikhatho chake mosadziwa, kenaka nkumayang'ana mwaukali mnyamata wa zokuzira mawu.

Nzeru zonsezi zidapangidwira situdiyo, momwe woimba amaima pomwe wauzidwa, makoma amameza phokoso, ndipo mphepo kulibe. Pabwalo la m'mudzi zinthu ndi zina. Maikolofoni yosankha mbali imavutika ndi mphepo kuposa yomva mbali zonse, ndipo ikayandikira kwambiri pakamwa imanenepetsa mawu a pansi. Yomva mbali zonse imatola nkhuku, mbuzi ndi mwana wolira pamodzi ndi nyimbo. Choposa apo, ovina mganda kapena chimtali saima malo amodzi, ndipo ng'oma imodzi imatha kumiza amayi khumi. Nthawi imeneyo zonse zinkalowa mumzere umodzi wa tepi. Kudalibe zoti pambuyo pake wina akweze liwu ili nkutsitsa lija monga achitira pakompyuta masiku ano. Chomwe chalowa chalowa.

Yankho la Tracey lidali kukana kuimika maikolofoni pachitsulo. Ankaigwira m'manja nkulowa nayo pakati pa oimba. Ankadalira lamulo losavuta la kayendedwe ka mawu panja: mtunda wa pakati pa gwero la mawu ndi maikolofoni ukadulidwa pakati, mphamvu ya mawu ofika pakachikopa imawirikiza kawiri. Choncho bangwe, yomwe mawu ake ndi ofatsa, imatha kumveka pamwamba pa gulu lonse ngati maikolofoni ili pafupi ndi nsambo zake, ndipo ng'oma yaukali imaleza mtima ikasiyidwa mapazi angapo kumbuyo. Kupotoza dzanja pang'ono, kutambasula mkono, kusuntha phazi limodzi, zonsezi zinkachita pabwalo ntchito yomwe swichi ndi mabatani zinkachita musitudiyo. Izi zinkafuna munthu wodziwa nyimbo, wotha kulosera pomwe wotsogolera alowere ndi pomwe ovomera amulandire, pakuti dzanja likachedwa mzere woyamba watayika.

Ulendo wake sudali wa munthu mmodzi. Makina ojambulira a nthawiyo adali olemera ndipo ankafuna magetsi, motero gululo linkayenda ndi magalimoto onyamula makinawo ndi jenereta. Jeneretayo ankaisiya kutali nkukoka chingwe chachitali kuti kulira kwake kusalowe m'nyimbo. Injiniya ankakhala pamakina, mkazi wake Peggy ankathandiza kulemba, ndipo omasulira ankafunsa oimba tanthauzo la mawu. Asanajambule, Tracey ankakonza kakhalidwe ka oimba, awa apa awo apo. Pojambula ng'oma kawirikawiri ankapempha kuti zilowe imodziimodzi, kuti womvera akathe kuzindikira ntchito ya iliyonse zisanalukane. Nyimbo yomwe pamwambo ikadatha nthawi yaitali ankaidula kuti ikwane pachimbale, chomwe m'masiku a galamafoni chinkanyamula mphindi zitatu zokha mbali imodzi. Akamaliza ankabweza tepi kuti eni ake adzimvere, ndipo kwa ambiri aka kadali koyamba kumva mawu awo akutuluka m'makina.

Umu ndimo adafikira ku Nyasaland. Nyimbo za dziko lino zomwe zili m'nkhokwe yake zidajambulidwa makamaka mu 1950, 1957 ndi 1958, ndipo ndi za Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga, Atumbuka ndi ena. Pamakadi ake pali maina a malo monga Kasungu, kwa Mfumu Mwase, komanso Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi. Adajambula bangwe, kaligo, malimba ndi kalimba, nyimbo za pamtondo, nthano zokhala ndi nyimbo pakati, ndiponso malipenga, zikho zomwe amuna amaimbiramo ndipo kachikopa ka chisa cha kangaude komatidwa pabowo kamanjenjemeretsa mawu. Mwa oimba bangwe omwe adawalemba maina muli Beti Kamanga wa ku Utonga. M'thumba mwake munkakhala tizitsulo 54 toyezera mawu, toyambira pa kunjenjemera 212 mpaka 424 pa sekondi, tosiyana ndi 4 kuchoka pa kena kufika pa kanzake. Ankaliza kachitsulo nkukayerekeza ndi nsambo iliyonse, ndipo manambala ake adaonetsa kuti oimba a kuno sadali kuphonya makwerero a nyimbo za Azungu monga ena ankanenera, koma adali ndi makwerero awoawo omwe ankawatsata mosamala.

Mmodzi mwa anthu akuda amene adagwira naye ntchito nkhondo yachiwiri itatha ndi Alick Nkhata, amene pambuyo pake adatchuka pawailesi ya ku Lusaka yomwe inkamvekanso ku Nyasaland m'Chinyanja. Anthu otere, omasulira, oyendetsa galimoto, amesenjala a boma okaitana oimba, ndiwo adachititsa kuti maulendowa atheke, ngakhale pachikuto cha chimbale pamaoneka dzina limodzi.

Maikolofoni yokhala ndi nkhope imakhalanso ndi nkhongo, ndipo ya Tracey idafulatira zambiri. Chaka cha 1958, pomwe ankajambula m'midzi ya Nyasaland, ndi chaka chomwe Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, adabwerera kumudzi pa 6 Julayi kudzathetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa 3 Malichi 1959 boma lidalengeza za ngozi m'dziko ndipo mazanamazana adamangidwa. Tracey ankafika m'midzi kudzera kwa ma DC ndi mafumu, ndipo oimba ankasonkhanitsidwa pa tsiku ndi malo omwe boma lakonza. Munthu woitanidwa ndi mesenjala wa bwanamkubwa kukaimba pamaso pa Mzungu amasankha bwino nyimbo yoti aimbe. Kuwonjezera apo, Tracey mwini ankakhulupirira kuti nyimbo zenizeni za mu Africa ndi za kumudzi, ndipo za m'tauni zotengera magitala ndi kwaya za Azungu ankaziona ngati zosukuluka. Nkhokwe yake adaisanja potsata mitundu ndi zilankhulo, ngati kuti Mchewa amaimba Chichewa chokha ndipo sadapiteko ku Joni kapena ku Wankie. Makampani a migodi omwe ankapereka ndalama adali ndi chifukwa chawo: ankafuna zimbale zoti ziziimbidwa m'makomboni kuti wantchito azikumbukira kwawo ndi mtundu wake. Akatswiri a masiku ano, ena a iwo a ku Rhodes University komwe nkhokweyi ili, alemba mosabisa kuti ntchito yake idayenda mumsewu womwe utsamunda udalambula.

Koma khutu lake nthawi zina linkatsutsa maganizo ake. Ndi Tracey yemweyo amene mu 1952 adajambula mnyamata wa gitala Jean Bosco Mwenda ku Jadotville, komwe lero ndi Likasi m'dziko la Congo, ndipo nyimbo yake ya Masanga idazungulira dziko lonse. Adajambulanso George Sibanda wa ku Bulawayo, amene nyimbo zake zidali za m'tauni zenizeni. Ndipo pa nthawi yomwe ojambula ambiri ankangolemba dzina la mtundu, iye ankayesetsa kulemba dzina la woimba ndi la wopeka nyimbo, pokhulupirira kuti nyimbo ili ndi mwini. Chizolowezichi sichidafike kwa onse mofanana. Mwamuna woimba yekha ndi bangwe adalembedwa dzina, koma amayi oimba pagulu kawirikawiri adangolembedwa kuti amayi achichewa kapena atsikana achichewa. Umwini wa zojambulazo udatsala ndi wojambula ndi bungwe lake, osati ndi oimba. Pa mfundo iyi palibe chomuikira kumbuyo, ngakhale ena anganene kuti umo ndimo zinkakhalira nthawi imeneyo.

Zipatso za maulendowa zidatuluka m'magulu awiri. Gulu la Sound of Africa lidali ndi zimbale zazikulu 210 zokhala ndi nyimbo zoposa 3,000, zopita makamaka kumayunivesite ndi nyumba zosungira mabuku, ndipo mndandanda wake wa mabuku awiri udasindikizidwa mu 1973. Gulu la Music of Africa lidali la zimbale 25 zosankhidwira anthu wamba. Ndalama zinkamuvuta nthawi zonse, ndipo maiko a mu Africa atayamba kudzilamulira, munthu wochokera ku South Africa ya tsankho sankalandiridwanso mosavuta kumpoto kwa Limpopo. Maulendo aatali adatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Cholinga chake chachikulu, choti nyimbozi zisanthulidwe nkulembedwa mabuku ophunzitsira ana a mu Africa nyimbo zawo m'sukulu, sichidatheke iye ali moyo.

Chodabwitsa nchakuti kunja dzina lake limadziwika kwambiri ndi kachida kakang'ono kuposa nkhokwe yonseyi. M'ma 1950 adatsegula kampani yopanga kalimba ya bokosi lathabwa, yokonzedwa kuti izilira motsata makwerero a nyimbo za Azungu. Dzina loti kalimba adalitenga m'zilankhulo za chigawo chino cha Malawi, Zambia ndi chigwa cha Zambezi, ndipo chifukwa cha malonda akewo, lero ku America, ku Japan ndi ku China chida chilichonse cha mtunduwu chimatchedwa kalimba, ngakhale ogula ambiri sadziwa komwe liwulo lidachokera.

Hugh Tracey adamwalira pa 23 Okutobala 1977 pafamu yake ya Saronde pafupi ndi Krugersdorp, ali ndi zaka 74. Chaka chotsatira mwana wake Andrew, katswiri wa mbira ndi timbila amene naye adamwalira mu Januwale 2024, adasamutsira ILAM ku Rhodes University. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Michael Baird, woimba ng'oma wobadwira ku Lusaka amene amakhala ku Utrecht m'dziko la Netherlands, adakonzanso matepi akalewo nkutulutsa ma CD pansi pa kampani yake ya SWP Records. Awiri mwa iwo ndi a Malawi, wina wa kumwera ndi pakati, wina wa kumpoto ndi pakati. Pansi pa utsogoleri wa Diane Thram, ILAM idasamutsira nkhokwe yonse pakompyuta ndipo idayamba kubweza nyimbo kwa eni ake. Mu 2014 gulu lina lidapita kwa Akipsigis a ku Kenya ndi nyimbo ya Chemirocha yomwe Tracey adajambula mu 1950, ndipo kumeneko adapeza achibale a oimbawo ndi okalamba oikumbukira.

Mndandanda wa zojambula za ku Malawi ukupezeka pa intaneti kudzera ku Rhodes University, ndipo dzina la Kasungu lilimo pamodzi ndi mitu ya nyimbo ndi ndemanga zomwe Tracey adalemba pamakadi ake. Pomwe palembedwa kuti amayi achichewa, dzina la mayi wotsogolera nyimbo, amene maikolofoni idamuyandikira mpaka mpweya wake kumveka, lingatchulidwe ndi okhawo amene adamumvapo akuimba. Ana amene adaima m'mphepete mwa bwalo kuonerera Mzungu akuzungulira amayi awo ndi kachitsulo m'manja, wamng'ono mwa iwo wapitirira zaka 70 tsopano.